NSOMBA YOKANA KUDYA: mbiri ya nsomba za m'nyanja yamchere zosungidwa m'magalasi

Ya lero ndi yayitaliko, koma ndi malemba okhaokha, siidya bandulo.

Ambiri mwaonapo pa TikTok kapena pa Facebook mathanki a galasi a m'nyumba za anthu kunja, muli miyala ya mitundumitundu ndi tinsomba towala ngati chitenje chatsopano. Zina mwa nsomba zimenezo si za madzi ngati athuwa. Ndi za m'nyanja zikuluzikulu zamchere, ndipo kwawo ndi m'matanthwe a makorali. Makorali amaoneka ngati miyala kapena nthambi za mtengo, koma ndi tinyama tamoyo. Ife ana a asodzi tidakula tikudziwa kuti nsomba ikatuluka m'chilimira ulendo wake ndi wa pathandala. Kwa anthu a mathankiwa, nsomba ikafa ndiye kuti ndalama yalowa m'madzi. Mavuto awo akulu ndi awiri: nsomba yatsopano isadwalitse zinzake, komanso ivomere kudya. Zikumveka zophweka eti? Zawatengera zaka zoposa 150, ndipo mpaka pano sanamalize.

Nkhani imayambira kwa mayi wina wa ku England, Anna Thynne. Mu 1846 adatola makorali ang'onoang'ono ku Torquay, m'mbali mwa nyanja, n'kupita nawo kwawo ku London. Ku London kulibe madzi amchere, ndiye ankachita kuitanitsa kuchokera kunyanja. Kenako adazindikira kuti madzi omwewo atha kugwira ntchito nthawi yayitali akamawatsanulatsanula kuti mulowe mpweya. Ntchito imeneyi ankagwira ndi wantchito wake wa m'nyumba, tsiku ndi tsiku, pawindo lotsegula, theka la ola kapena kuposa. Makoraliwo ankawadyetsa tizidutswa ta shirimpi yowiritsa, ndipo adakhala moyo zaka pafupifupi zitatu. Dzina lomwe lidatchuka ndi la adonawo. La mtsikana wotsanula madzi uja silidapite patali. Musaiwale mfundo imeneyi, tikumana nayonso.

Mu 1853 malo osungira nyama a London Zoo adatsegula nyumba ya nsomba yoti aliyense alowe kukaona, ndipo chaka chotsatira Philip Henry Gosse adatulutsa buku lomwe lidatchukitsa mawu akuti aquarium. Anthu adapenga nazo, koma zambiri zinkafa pasanathe nthawi.

Chimodzi mwa zomwe zimapha nsomba zamchere m'thanki ndi timadontho toyera pathupi, ngati wina waziwaza mchere. Mu 1951 katswiri wina, Eleanor Brown, adafufuza nsomba zodwala za ku London Zoo komweko n'kupatsa kachilombo koyambitsa matendawa dzina loti Cryptocaryon irritans. Mvetserani m'mene kamachitira, chifukwa nzeru yonse ya mbindikiro yagona pamenepa. Kamaboola khungu ndi makha, momwe nsomba imapumira, n'kudya masiku atatu mpaka asanu ndi awiri. Kakakhuta kamagwera pansi, kamadzitsekera m'kachikwa, ndipo m'menemo kamagawikana kukhala tiana mazanamazana. Tianato tikatuluka tili ndi tsiku limodzi kapena awiri basi kuti tipeze nsomba, apo ayi timafa. M'nyanja yayikulu tambiri timafadi, chifukwa madzi ndi ambiri ndipo nsomba yayenda kale. M'thanki nsomba ilibe kothawira. Imagona pomwepo pamene tianato tikutulukira.

Choipa kwambiri n'chakuti timadontho timayamba tazimiririka, mwini n'kusangalala kuti nsomba yachira, chonsecho kachilombo kangotsikira pansi kukaswana. Kachikwa kaja nthawi zambiri kamaswa pasanathe mwezi, koma akatswiri adapezapo kena komwe kadadikira masiku 72. N'chifukwa chake matendawa akalowa m'thanki yayikulu, odziwa amachotsamo nsomba zonse n'kuisiya yopanda nsomba masabata oposa khumi, kuti kachilombo kafe ndi njala.

Wina afunsa: bwanji osangothiramo mankhwala? Mankhwala alipo, a kopa, ndipo amagwira ntchito. Koma kopa yemweyo amapha makorali, nkhono ndi nkhanu, ndipo amalowerera m'miyala osatulukamo msanga. Ndiye thanki yokongola ija, yomwe munthu waimanga zaka, singathiridwe mankhwala. Apa m'pamene padachokera mwambo wa thanki yachiwiri: yopanda mchenga, yopanda miyala, mongokhala zidutswa za mapaipi a pulasitiki zoti nsomba ibisalemo. Nsomba yatsopano imakhala m'menemo masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Ukonde wake ndi ndowa yake ndi zapadera, chifukwa dontho limodzi la madzi litha kunyamula matenda. Paja nthawi ya Covid tidamva mawu akuti kwarantini mpaka kutopa nawo. Mawuwo ndi a kudoko. Mu 1377 mzinda wa Ragusa, womwe lero ndi Dubrovnik, udalamula kuti ochokera kumalo a mliri adikire masiku 30 asanalowe. Pambuyo pake masikuwo adafika 40, ndipo 40 m'Chitaliyana ndi quaranta.

Tsopano ku chakudya, komwe kuli mutu weniweni. Nsomba zina zimadya chilichonse ukaponya. Zina ndi zosankha kuposa mlendo wa m'tauni. Pali ina yotchedwa Moorish idol, yamizere yakuda, yoyera ndi yachikasu, yomwe kwawo imadya masiponji omera pamatanthwe. M'thanki imangozungulira, kuyang'ana chakudya, kuchidutsa, mpaka kuwonda n'kufa. Mitundu ina ya butterflyfish imadya tinyama ta makorali amoyo tokhatokha. Ina, mandarin, yokongola ngati wina waijambula ndi penti, imakhala tsiku lonse ikutola makopepodi, tizilombo ta m'madzi tosaoneka bwino ndi maso, ta mtundu wa tomwe usipa ndi utaka wathu amadya. Vuto la mandarin liri apa: thanki ya mbindikiro ndi yoyera, mulibe makopepodi. Malo omwe akuiteteza ku matenda ndi omwenso angaiphe ndi njala. Ndipo mankhwala a kopa amachotsanso chilakolako cha chakudya. N'chifukwa chake osunga ambiri amati nsomba iyambe yadya, mankhwala abwere pambuyo, pokhapokha ngati matenda aonekera kale.

Njira zonyengerera nsomba kuti idye zidabwera pang'onopang'ono. Mu 1933 Alvin Seale wa ku Steinhart Aquarium ku San Francisco adaonetsa kuti timazira ta brine shrimp, tishirimpi ta m'maiwe a mchere wambiri, titha kusungidwa touma, kenako ukatiika m'madzi amchere timaswa pakangotha tsiku limodzi. Chakudya chamoyo cha m'chitini! Nsomba yokana chakufa imathamangira chinthu choyenda. Ikazolowera, amayamba kusakaniza ndi chakudya cha mufiriji, pang'onopang'ono, mpaka ivomere. Kwa zojompha pamiyala amatsegula nkhono ya zigoba ziwiri n'kuiika pansi. Kwa zodya ndere amapana pagalasi pepala la ndere zouma, lomwe a ku Japan amakulungira mpunga. Msodzi aliyense wa mbedza akumva zimenezi: nyambo ya kampango si ya ncheni.

Koma apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, aise. Kwa zaka zambiri ogula a ku America ndi ku Ulaya ankadziimba mlandu nsomba ikakana kudya. Ankasintha madzi, kusintha chakudya, kugula mankhwala. Chonsecho nsomba zambiri zidali zitawonongeka kale zisanakwere ndege. Dziko la Philippines lidayamba kutumiza nsomba zimenezi kunja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo kumayambiriro kwa m'ma 1960 asodzi ena adayamba kugwiritsa ntchito poizoni wa sayanaidi. Amamusungunula m'botolo la pulasitiki, kutsika pansi, kufinyira m'phanga la makorali. Nsomba imakomoka, iye n'kuitola. Ndi katupe wa kumeneko, tinene choncho, kungoti katupe amaphera ndiwo za tsiku lomwelo, pomwe uyu akufuna nsomba ioneke yamoyo mpaka igulidwe. Ina imafera pomwepo. Yomwe yatsitsimuka imakhala itavulala m'kati, makamaka chiwindi, ndipo itha kufa patapita masiku kapena masabata. Korali wothiridwa poizoniyo amayera n'kufa, ndiye kuti nyumba ya nsomba za mawa yapita.

Onjezani ulendo. Nsomba imachoka kwa msodzi kupita kwa wogula wa pamudzi, kuchoka apo kupita kwa wotumiza kunja ku Manila kapena ku Bali, kenako kwa wogula wamkulu ku Los Angeles, kenako kusitolo. Isanapakidwe amaimana chakudya dala, kuti isaipitse madzi a m'jumbo. Ndiye yomwe ikufika kwa mwini thanki ikhoza kukhala itatha masabata osadya bwino. Amati ndi yosankha, pomwe ina ndi yotopa basi.

Kodi msodzi wa ku Philippines ankachitiranji zimenezi? Chifukwa ankalipidwa pa mutu wa nsomba, ndalama yochepa, ndipo nthawi zambiri wogula wa pamudzi yemweyo ndi amene ankamugulitsa poizoni pa ngongole. Alovi a kwathu kuno, nyimbo imeneyi mukuidziwa. Chonsecho malonda ake ndi a ndalama. Lipoti la bungwe la UNEP la 2003 lidati nsomba zamchere zapakati pa 20 ndi 24 miliyoni zinkagulitsidwa chaka chilichonse, ndipo lidapereka chitsanzo cha ku Maldives: mu 2000 kilogalamu imodzi ya nsomba za m'thanki inkafika pafupifupi madola 500, pomwe kilogalamu ya nsomba za ndiwo za m'matanthwe omwewo inali madola 6.

Kusintha kudayamba m'zaka za m'ma 1980, pomwe mabungwe monga Haribon Foundation ndi International Marinelife Alliance adalimbana ndi sayanaidi, ndipo asodzi adayamba kuphunzitsidwa kutchinga ndi kaukonde kakang'ono n'kukusira nsomba m'menemo. Ndi ntchito yochedwa, koma nsomba yake imafika ikudya. Sayanaidi ndi woletsedwa ku Philippines ndi ku Indonesia, ngakhale sanatheretu. Njira ina idakhala yoswetsa nsomba m'mathanki. Clownfish, ija ya mu filimu ya Finding Nemo, idayamba kuswetsedwa pa malonda m'zaka za m'ma 1970. Zina zidavuta kwambiri chifukwa tiana take tili ndi pakamwa pang'ono zedi, ngakhale brine shrimp salowa. Yellow tang idatheka mu 2015 ku Oceanic Institute ku Hawaii, atadziwa kuweta makopepodi ochuluka oti tiana tidye. Nsomba yobadwira m'thanki siidziwa chakudya cha kunyanja, ndiye siikana cha m'paketi.

Mwina mukuti zonsezi n'zakutali. Ayi. Nyanja yathu si yamchere, mulibe makorali, koma ili m'malonda omwewa. Mbuna zidayamba kutumizidwa kunja m'zaka za m'ma 1960, ndipo Stuart Grant, yemwe adamwalira mu 2007, adakhazikitsa malo ake ku Kambiri Point ku Salima, komwe nsomba zimasungidwa m'mathanki zisanapakidwe. Zogwidwa pakuya sazikweza nthawi imodzi, amaziika m'migolo n'kumazikweza pang'onopang'ono kuti chikhodzodzo cha mpweya chisatupe. Ndipo pali matenda omwe kunja adawapatsa dzina la dziko lathu, Malawi bloat. Mbuna zambiri zimapala ndere pamiyala, matumbo ake ndi aatali. Zikafika kunja zotopa, n'kupatsidwa chakudya chanyama chambiri, mimba imatupa, zimasiya kudya, zimafa. Mwana aliyense wa ku Chembe yemwe adaonapo mbuna ikujompha mwala akadawauza.

Mtsikana wa ku London uja dzina lake silidamveke, koma kuno zidayendako mwina. Mu 1990 Ad Konings adapatsa kambuna kena dzina loti saulosi, polemekeza Saulos Mwale, wodumphira pansi pa madzi yemwe adakatulukira. Kamapezeka malo amodzi okha, pa matanthwe a Taiwanee pafupi ndi Chizumulu. Kamphongo kake ndi kabuluu ka mizere yakuda, kakakazi kachikasu, ndipo kadakondedwa kunja mpaka ogwira adatsala pang'ono kukamaliza. Lero kali pa mndandanda wa nsomba zomwe zili pa chiopsezo chachikulu chotha. Mu 2013 anthu adayamba kunyamula saulosi woswetsedwa m'mathanki, kukwera naye boti, n'kukamutsanulira pa matanthwe omwewo pomwe adachokera makolo ake.