Mkaidi amene anabwerera ku Hanoi ali kazembe

Mu Seputembala 1966, ndege yankhondo ya America inawomberedwa kumpoto kwa Vietnam. Woyendetsa wake, Pete Peterson, anagwera pafupi ndi mudzi wa An Doai ali wothyokathyoka. Anthu a m'mudzimo anamugwira, ndipo anakhala m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka, mpaka 1973. Mu Meyi 1997 munthu yemweyu anatsika ndege ku Hanoi atatchena suti, ali kazembe woyamba wa America chithereni nkhondo.

Koma kuti zifike pamenepo panali ntchito. Nkhondo inatha mu 1975, America n'kutseka malonda onse ndi Vietnam. Mu 1977 boma la Jimmy Carter linayesa kukonza ubale, koma a ku Hanoi anati mutipatse kaye madola 3.25 biliyoni omangira dziko, omwe Richard Nixon analonjeza m'kalata mu 1973. America inakana. Mmene Vietnam imasiya kuumirira ndalamazo, n'kuti America maso ali pa China. Kumapeto kwa 1978 asilikali a Vietnam analowa m'Cambodia, basi chitseko chinatsekeka.

Chinadzachitsegula ndi mafupa. Asilikali a America oposa 2,500 anali asanapezeke, ndipo abale awo sankafuna kumva za ubale uliwonse maliro asanabwere kumudzi. Vietnam inalola kuti magulu a mbali zonse ziwiri azikumba limodzi m'minda ya mpunga ndi m'mapiri momwe munagwera ndege. Apa ine ndi pomwe zimandiwawa: Vietnam nayo ili ndi asilikali pafupifupi 300,000 omwe manda awo sadziwika. Taganizani mlimi akukumba kufuna mafupa a munthu amene ankaphulitsa mudzi wake, pomwe mchimwene wake weniweni sanamuike.

Bill Clinton anachotsa chiletso cha malonda mu Febuluwale 1994, n'kulengeza ubale wa ukazembe pa 11 Julayi 1995. Payekha sakanatha. Iyeyu sanapite kunkhondoko, ndiye adani ake pa ndale akanamudya wamoyo. Anamutchinjiriza ndi John Kerry ndi John McCain, onse omenya nawo nkhondoyo, McCain ndiye mkaidinso wa ku Hanoi. Kusankha Peterson kunali nzeru yomweyo. Ndani akanamuuza kuti waiwala zomwe anyamata athu anaona?

Vietnam inatumiza Le Van Bang ku Washington. Mu Julayi 2000 maiko awiriwa anasaina pangano la malonda, ndipo mu Novembala Clinton anakacheza ku Hanoi.

Peterson uja, chaka chomwe anafikacho anabwerera ku An Doai kukaonana ndi ena mwa anthu omwe anamugwira. Chaka chotsatira anakwatira mkazi wobadwira ku Vietnam, ukwati wake ku Hanoi konko.