Makwerero a Kumbuyo kwa Riva Aquarama

Mu 1962, Carlo Riva wa ku Sarnico, m'mphepete mwa nyanja ya Iseo ku Italy, anatulutsa boti laliwiro la Aquarama, la matabwa a mahogany opakidwa vanishi, lokhala ndi mainjini awiri kumbuyo.

Anthu achuma amene ankaligula ankaliimitsa pakati pa nyanja n'kudumphira m'madzi. Kubwereramo ndiye inali nkhani: matabwa onyowa amaterera zedi, mapulopela ali pansi pomwepo. Riva anayala matiresi owotherapo dzuwa pamwamba pa mainjini, anasiya kanjira kofika kumbuyo kwenikweni, ndipo maboti ambiri anaikidwa timakwerero totsikira m'madzi.

Aquarama Special ya 1972 anaisintha kumbuyoko kuti kutsika kuphweke. Boti lomaliza linapangidwa mu 1996.