Nyali zosazima pa chaka chatsopano cha anthu a ku China

Usiku wolowera chaka chawo chatsopano, mabanja ambiri a ku China amayatsa nyali m'zipinda zonse za nyumba ndipo sazizimitsa kufikira kunja kutayera. Wongoona patali akhoza kuyesa ndi kusakaza magetsi, koma kwa eni ake kuwalako ndi njira yotetezera chuma cha pakhomo ndi kufunira makolo moyo wautali.

Chichitikireni ubale wa Malawi ndi China mu Disembala 2007, anthu a m'dzikolo achuluka muno. Ku Balaka, boma lodziwika ndi ulimi wa thonje, kuli kampani ya Malawi Cotton Company yomwe eni ake ndi a ku China. Choncho Amalawi amene amagwira nawo ntchito kapena kuyandikana nawo nyumba akhoza kuuona mwambowu ndi maso awo.

Chaka cha anthuwa chimayendera mwezi, n'chifukwa chake tsiku lake limasinthasintha pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale. Mu 2025 lidali pa 29 Januwale, pomwe la 2026 lidagwera pa 17 Febuluwale.

Usikuwo banja limadyera pamodzi, kenako limachezera osagona. Mchezowu amautcha shousui, kutanthauza kulondera chaka, ndipo udatchulidwa kale m'buku la Fengtu Ji la Zhou Chu, yemwe adamwalira m'chaka cha 297. Akuluakulu amachezera potsanzikana ndi chaka chomwe chikutha, pomwe ana amakhulupirira kuti kukhala maso kwawo kumawonjezera masiku a makolo awo.

Kuyatsa nyaliko kuli ndi dzina lakelake, zhao xuhao, kutanthauza kuunikira Xuhao. Malinga ndi chikhulupiriro chawo, Xuhao ndi mzimu wobisala mumdima umene umadya chuma cha banja pang'onopang'ono mpaka pakhomo patsale usiwa wokhawokha. Mabuku a m'nthawi ya ufumu wa Song, kuyambira 960 mpaka 1279, amafotokoza kuti kumapeto kwa chaka anthu ankaika nyali kunsi kwa bedi kuti mzimuwu usowe pobisala. Ichi n'chifukwa chake ngakhale kukhitchini ndi mosungira katundu, komwe usiku sikukhala munthu, kumayatsidwanso.

Palinso nthano ya Nian, chilombo chomwe amati chinkabwera kumapeto kwa chaka kudzagwira ziweto ndi anthu, koma chinkaopa moto, phokoso ndi mtundu wofiira. Nthanoyi ndiyo imagwiritsidwa ntchito pofotokozera ana chifukwa chopachikira nyali zofiira pakhomo ndi kuphulitsa makombola.

Kale ankagwiritsa ntchito makandulo ndi nyali za mafuta, koma lero ambiri amangosiya mababu ali chiyakire. Ena amachezera mpaka pakati pa usiku basi, n'kukagona nyali zikuyakabe.

Zikondwererozi zimatsekedwa pa tsiku la 15, mwezi ukakhala wathunthu, ndi chikondwerero cha nyali chotchedwa Yuanxiao. M'madera ena a kumwera kwa China, liwu lotanthauza nyali limamveka mofanana ndi lotanthauza mwana wamwamuna, motero banja lomwe lalandira mwana limapachika nyali yatsopano pothokoza.

Mu Disembala 2024, bungwe la UNESCO lidaika chikondwerero cha chaka chatsopano cha anthu a ku China pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa padziko lonse.

Kwa Mmalawi, kulondera chaka si chinthu chachilendo, pakuti mipingo yambiri imachezera m'mapemphero usiku wa pa 31 Disembala. Kusiyana kwake n'kwakuti Amalawi amasonkhana kutchalitchi, pomwe anthu a ku China amalondera chaka m'nyumba mwawo, pomwe pali chuma ndi makolo amene akufuna kuwateteza.