Kaseti Yacikasu ya Amalume

Mwezi watha amai anandituma kukacotsa matumba akale m'kacipinda kwathu ku Vubwi. Pansi pa matumbawo ndinapeza kaseti yacikasu ya gemu, fumbi lili mbuu. "Taya, ni zinyalala izo," anatero amai. Ndinaiika m'thumba.

Kasetiyi anabwera nayo amalume kucokera ku Kamwala, ku Lusaka, pamodzi ndi kamakina kolumikiza ku TV. Nthawi imeneyo Vubwi inali ikali mbali ya boma la Chadiza. Malaiti kwathu kunalibe, TV tinali kuyatsira batire ya motoka. Pakaseti analembapo magemu 999, koma anali ocepa cabe, obwerezabwereza. Ife tinakonda imodzi: kamfuti pansi, tizilombo m'mwamba tikutsika mizeremizere. Tinali kungoti "ya tizilombo". Dzina lake ndinalidziwa nditakula: Space Invaders.

Gemu iyi inatuluka ku Japan mu 1978. Anaipanga ndi Tomohiro Nishikado wa kampani ya Taito. Poyamba sinali ya m'nyumba ai. Linali bokosi lalikulu loikidwa m'malo acisangalalo, ndipo munthu anali kuponyamo khobidi la 100 yen kuti asewere. Tizilombo tinali 55, mizere isanu, mzere uliwonse 11. Zithunzi zinali zakuda ndi zoyera, ndiye pa mabokosi ena anamata timapulasitiki tamitundu pagalasi kuti zioneke zokongola.

Mukumbukira mmene kacilombo kothera kanali kuthamangira mpaka manja kutuluka thukuta? Ife tinali kuti kakwiya cifukwa taphera anzake. Zoona zake n'zakuti makina a 1978 anali ofooka. Tizilombo tikaculuka anali kulemedwa potijambula, tikacepa anali kupepukidwa, liwiro n'kukwera. Nishikado ataona zimenezi anazisiya dala. Cofooka ca makina cinasanduka mtima wa gemu.

Ena anatsatira. Namco inatulutsa Galaxian mu 1979 ndi Galaga mu 1981. Mu 1983 Nintendo inatulutsa makina a m'nyumba a Famicom, ndipo Space Invaders inalowamo mu 1985. Kamakina ka amalume kanali kokopera Famicom yomweyo.

Lero gemu iyi ndi cuma ca osunga zakale. Mu 2013 nyumba yosungira zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inaiika m'gulu la zinthu zake. Ogula zakale amafuna bokosi lenileni la Taito, la zithunzi zam'mbali zosafufuta ndi zamkati zosasinthidwa. Kaseti amaifuna yeniyeni, ndi katoni yake. Yanga ndi yokopera, katoni ilibe, ngodya inatetemuka. Kwa iwo si kanthu.

Koma mbiri ya gemu iyi ku Japan inalembedwa kale. Nanga yakuno adzalemba ndani? Ndani adzanena kuti ana khumi tinali kudikirana pa mphasa imodzi, kuti wolephera anali kupereka cosewerera kwa mnzake popanda mkangano, kuti batire ikatha tinali kusonkherana ndalama yokaichajitsa? Amalume anatisiya, kamakina kanaonongeka kalekale. Catsala ndi kasetiyi.

Inu a m'makomboni amene mumasewera pa foni, mukapita kumudzi fufuzani m'masutikesi a makolo zisanapite kudzala. Yanga ndaipukuta, ndalembapo dzina la amalume, ndaiika pamodzi ndi zithunzi za banja.