Mayi Hattie McDaniel ndi Mwambo wa ku Hollywood

M'zaka zija Hollywood inali kutchuka pa ntchito yopanga kanema, kunali mwambo umene sunalembedwe m'buku lililonse la malamulo, koma umene eni ake a ntchitoyo ankausunga mosaphonya, wakuti mkazi wakuda, ngakhale akhale waluso chotani, azioneka ali mdzakazi, wophika, kapena mlezi wa ana a azungu, atavala duku kumutu. Ndimo mmene zinalili pamene Mayi Hattie McDaniel, mzime wa ana 13 a makolo amene analawapo ukapolo, wobadwira ku Wichita mu 1893, anafika ku Los Angeles mu 1931, atayamba aimba nyimbo m'magulu oyendayenda ndi kutumikira alendo m'chipinda chosambiramo m'manja m'nyumba ina ya zisangalalo ku Milwaukee.

Ulemu wao waukulu unadza ndi kanema wotchedwa Gone with the Wind, mmene anasewera ngati Mammy, mlezi wa Scarlett O'Hara. Ndipo amene anamuona kanemayo adziwa kuti pamene Mammy akumanga zingwe za chovala cha mwana wa mbuyake, akum'dzudzula ndi diso lakuthwa, mwini nyumba weniweni aoneka kuti ndiye mdzakaziyo. Koma pamene kanemayo anaonetsedwa koyamba ku Atlanta mu December 1939, malamulo a tsankho a kumeneko sanawalole kukakhala pamodzi ndi anzao. Pa 29 February 1940 anapatsidwa mphoto ya Oscar, iwo kukhala munthu wakuda woyamba kuilandira, chikhalirecho mu Ambassador Hotel mmene munali phwandolo anawakhazika pa kagome kapadera kukhoma, kutali ndi anzao a m'kanemayo, Vivien Leigh ndi Clark Gable.

Anthu a mtundu wao nawonso sanawaleke. Walter White wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP anawadzudzula kuti akunyazitsa anthu akuda posewera udzakazi, ndipo iwo anayankha kuti kuli bwino kusewera ngati wantchito wa m'nyumba ndi kulandira malipiro ochuluka kusiyana ndi kukhala wantchito weniweni wolandira zochepa. Ine ndiona kuti White ananena zoona za mwambowo, koma anasenzetsa mlandu munthu wosayenera, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko china Hollywood inali isanatsekulire mkazi wakuda aliyense.

Chimene ambiri amaiwala ndi mlandu wa mu 1945, pamene azungu ena a dera la Sugar Hill ku Los Angeles anafuna kutulutsa mabanja akuda m'nyumba zimene anagula ndi ndalama zao, potsamira mapangano akale oletsa kugulitsa nyumba kwa anthu akuda. Mayi McDaniel, amene anali mwa oimbidwa mlanduwo, anasonkhanitsa anansi ao, loya Loren Miller nawaimira, ndipo woweruza Thurmond Clarke anautaya mlanduwo.

Anamwalira pa 26 October 1952 ndi khansa ya m'mawere, atapempha kuti akagone m'manda a Hollywood Cemetery pamodzi ndi anzao a kanema. Eni manda anakana chifukwa cha khungu lao, naikidwa ku Rosedale. Mu 1999 mwini watsopano wa manda a Hollywood Cemetery aja anati mafupa ao asamutsidwe, koma achibale anakana kufukula manda, ndipo kunangomangidwa chipilala cha chikumbutso.