Kuwonongeka kwa khofi ku Misuku

Misuku ndi dera lamapiri m'boma la Chitipa, kufupi ndi malire a dziko la Tanzania, komwe alimi ang'onoang'ono amalima khofi wa mtundu wa Arabica. Ambiri amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Kuzizira ndi chinyezi zimene khofiyu amazikonda ndi zomwenso zimachulukitsa matenda.

Oopsa kwambiri ndi matenda a zipatso, oyambitsidwa ndi Colletotrichum kahawae, amene anayamba kudziwika ku Kenya mu 1922. Amagwira zipatso zikadali zanthete: zimachita zilonda zakuda zolowa m'kati, kenako n'kuyoyoka kapena kuumira pa nthambi. Mvula ikachuluka nthawi imeneyi, mlimi amatha kutaya gawo lalikulu la zokolola, ndipo chowawitsa mtima n'chakuti mtengowo umaoneka wathanzi ndithu.

Chiwawu cha masamba, Hemileia vastatrix, chimaoneka ngati ufa wachikasu kunsi kwa tsamba. Masamba akayoyoka, zokolola za chaka chotsatira zimachepa. Matendawa ndi amene anagwetsa ulimi wa khofi ku Ceylon kuyambira mu 1869. Khofi wa mtundu wa Catimor umawapirira, n'chifukwa chake anafalitsidwa kwa alimi.

Mphutsi zoboola thunthu, Monochamus leuconotus, zimapha mtengo wonse. Zikatero mlimi amauzula n'kuutentha, ndipo mbande yatsopano imatenga zaka pafupifupi zitatu kuti ibereke.