Pelele ndi Chinsinsi cha Kusuntha kwa Mano

Omvera a ku Kabwazi ndi midzi ina ya kumapiri a Dedza amaudziwa mtsinje wa Linthipe. M'chaka cha 1863 David Livingstone anafika kumunsi kwa mtsinjewu, pa linga la mfumu Chinsamba. Masiku amenewo amayi ambiri a m'dziko muno, makamaka Amang'anja, ankavala pelele. Mtsikana ankabooledwa mlomo wam'mwamba akali wamng'ono, ndipo bowolo ankalikuza pang'onopang'ono kufikira mutalowa mphete ya nsungwi, kapena ya mnyanga wa njovu kwa opeza bwino.

Livingstone sanalikonde pelele, koma pokhala sing'anga anaona chinthu chimene alendo ena sanachisamale. M'buku limene analemba ndi mng'ono wake Charles, lotuluka m'chaka cha 1865, anafotokoza kuti mwa amayi ena mano akutsogolo am'mwamba anali atabwerera m'kati. Chinawakankha chinali pelele lokha, lokanikiza mopepuka usana ndi usiku kwa zaka zambiri. Iye anaganiza kuti mano otuluka kunja angathe kubwezedwa mwa njira yomweyo, makamaka munthu akali mwana.

Nanga dzino lolimba lingayende bwanji m'fupa? Dzino silinakhomedwe m'nsagwada ngati msomali m'thabwa. Pakati pa muzu ndi fupa pali kampata kopyapyala ngati mapepala awiri, kodzaza ndi timaulusi tomangirira dzino ku fupa, timitsempha ta magazi, ndiponso tizigawo tamoyo totchedwa maselo. Munthu akamatafuna chimanga chokazinga, timaulusiti ndi timadzi ta m'kampatako timalandira kulemerako, dzino n'kubwerera pamalo pake. Koma kukanikiza kukakhala kosalekeza, nkhani imasintha.

Amene anayamba kuona zimenezi ndi maso anali Carl Sandstedt wa ku Sweden, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa m'zaka za 1904 ndi 1905. Iye anamanga waya m'mano a agalu, ndipo patapita masabata anayang'ana nsagwada zawo pa makina okuza zinthu zing'onozing'ono. Kumbali imene dzino linkapanikiza, anapeza maselo akuluakulu akudya fupa ndi kulambula njira. Kumbali ina, kumene timaulusi tinkakokeka, maselo ena ankamanga fupa latsopano. Motero dzino limayenda ngati munthu wolima munda amene akugumula mzere kutsogolo uku akuunda wina kumbuyo.

Sandstedt anaonanso kuti mphamvu ikachuluka, maselo a pamalo opanikizidwawo amafa, ndipo dzino limayamba laima kufikira zakufazo zitachotsedwa. M'chaka cha 1932 Martin Schwarz wa ku Vienna anapereka muyeso wake: mphamvu isapose imene magazi amayendera m'timitsempha ting'onoting'ono, ndiye kuti magalamu 20 mpaka 26 pa kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. N'chifukwa chake madokotala oongola mano safulumira. Dzino limayenda pafupifupi milimita imodzi pamwezi, ndipo ntchito yonse imatenga chaka kapena zaka ziwiri.

Funso lotsala linali lakuti maselo, amene alibe maso kapena makutu, amadziwa bwanji kuti akukanikizidwa. M'chaka cha 2010 gulu la Ardem Patapoutian ku America linapeza timakomo ta pakhungu la selo totchedwa Piezo, timene timatseguka khungulo likatamuka. Tikatseguka, kashiamu amalowa, ndipo selo limatumiza uthenga kwa anzake. Patapoutian analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2021, ndipo timakomo tomweti tinapezekanso m'maselo ozungulira mizu ya mano.

Pelele linatha kalekale, koma lamulo lake likugwirabe ntchito m'nyumba zambiri. Mwana woyamwa chala mpaka msinkhu wa sukulu amakankhira kunja mano ake akutsogolo. Dzino likazulidwa, oyandikana nalo amapendekera ku mpatawo, ndipo la moyang'anana nalo limatalika posowa lolitsekereza. Choopsa kwenikweni chili kwa achikulire amene nkhama zawo zimatupa ndi kutuluka magazi. Matendawa amadya fupa logwira muzu, kotero kuti kutafuna nzimbe kumene kale kunali kopepuka kumasanduka katundu wopyola muyeso, ndipo mano amayamba kugwedera ndi kutalikirana ngakhale alibe bowo ndi limodzi lomwe.